Wanjinga ndi mnzathu pa geni, tisamutchere misampha m'njira

Gulu lino ndi la amayi ndi abambo a malonda odutsa m'maboda, ndi inu achimwene athu oyendetsa mathiraki. Muno timathandizana pa zambiri: mtengo wa randi ndi dola lero, kutalika kwa mzere pa Beitbridge, mapepala omwe akufuna pa Nyamapanda, malo abwino ogona pa msewu wa ku Tete. Lero ndikufuna tikambe za munthu amene sitimutchula kawirikawiri ngakhale kuti ndalama zathu zimadutsa pa keliyala yake. Ndikunena wanjinga yakapalasa, wakabaza uja, ndi zinthu zomwe anthu amamuikira m'njira za kumudzi: zipika, miyala, minga, maenje, zingwe ndi mawaya.

Maganizo anga ndi awa. Munthu woika chinthu chobisika pa njira yomwe akudziwa kuti pamadutsa njinga watchera mnzake msampha, kaya mkwiyo wake ndi womveka kaya ayi. Ndipo ife amene timadya thukuta la wanjinga sitingachite ngati nkhaniyi si yathu, makamaka poti ina mwa misamphayi timaisiya ndife tomwe.

KATUNDU WATHU AMAYAMBIRA PA NJINGA

Thumba la mbatata ya kachewere lomwe mumakweza pa Lizulu kapena pa Tsangano Turn-off silinamere m'mphepete mwa M1. Lachokera m'madimba ndi m'mapiri a ku Ntcheu, Dedza ndi Angónia, komwe lole singayerekeze kulowa mvula ikagwa. Soya ndi mtedza za ku Mchinji ndi Chipata, nandolo ndi chimanga za ku Muloza ndi Milange, mpunga wa ku Karonga, zonsezi ulendo wake woyamba zimayenda pa tinjira ta fumbi, zitamangidwa ndi malegeni pa keliyala. Pobwerera n'chimodzimodzi. Belo la kaunjika, chigubu cha mafuta ophikira, katoni ya sopo, zikatsika basi pa siteji, amene amazifikitsa ku okala ya kumudzi ndi wanjinga.

Anzathu a ku Chipata amaidziwa bwino nkhaniyi. M'tauni yawo ndi momwe munali fakitale ya Luangwa Industries yopanga njinga za Eagle, ndipo mpaka lero njinga ndiyo galimoto ya anthu ambiri chigawo chakummawa kwa Zambia. Njinga za Buffalo, zomwe bungwe la World Bicycle Relief linabweretsa ku Zambia, Malawi ndi Zimbabwe, keliyala yake inapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 100. Amenewo ndi matumba awiri a chimanga. Maulendo 10 a njinga ndi tani yathunthu, ndipo kuti thiraki ya matani 30 idzadze ndi katundu wobwera pa njinga yekhayekha, pafunika maulendo 300. Ngolo ndi timalole timathandiza, inde, koma pomwe ngolo yakanika njinga imadutsa. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakokolola misewu ndi milatho ku Mulanje ndi Phalombe, magalimoto anaima, koma anthu a njinga ndi oyenda pansi ndi amene anapitiriza kufikitsa ufa, mchere ndi mankhwala m'midzi.

Ndiye tikamanena za njira ya njinga, tikunena za chiyambi cha msewu womwewo umene umakathera ku Beira, ku Durban kapena ku Dar es Salaam.

MISAMPHA YAKE NDI YA MITUNDU INAYI

Woyamba ndi wa mwini munda. Njira yachidule yadutsa m'mphepete mwa munda wake, njinga zaikulitsa, mizere iwiri ya chimanga yapondedwa. Iye wakwiya, ndiye wakumba dzenje n'kuvundikira ndi mapesi, kapena wamwaza minga, kapena wakhoma zikhomo zazifupi m'udzu momwe sizioneka.

Wachiwiri ndi wa anyamata olipiritsa. Atchinga ndi mtengo kapena chingwe pa kamlatho kapena pa chithaphwi, wodutsa aliyense apereke kangachepe. Ena anakonzadi pamalopo ndi makasu awo, ena sanagwirepo n'dothi lomwe. Vuto lalikulu limabwera dzuwa likalowa. Iwo apita kwawo kapena kokamwa, mtengo uja ausiya uli chopingasa pomwepo.

Wachitatu ndi wa akuba. Chingwe kapena waya amamangirira pakati pa mitengo iwiri, m'bandakucha wa tsiku la msika, kapena madzulo pamene wanjinga akubwerera ndi ndalama m'thumba. Anyamata a njinga zamoto nawonso amagwa mumsampha womwewu.

Wachinayi ndi wathu, ife a pamsewu. Thiraki ikafa pa chikweza, timatchinga matayala ndi miyala ikuluikulu, timathyola nthambi n'kuziyala kumbuyo m'malo mwa thirayango. Makaniko akamaliza, timaliza injini n'kumapita. Miyala ija yatsala m'mphepete mwa phula, malo enieni omwe njinga imayenda. Pa njira zolambalala pomwe akukonza msewu mumapezeka zidutswa za matayala ophulika zokhala ndi mawaya akuthwa, matabwa a misomali ochoka pa mapaleti, ndi oyilo wokhetsedwa pansi. Palibe dalaivala amene amachita izi pofuna kupha munthu. Koma mwala sudziwa kuti unasiyidwa mwangozi.

CHIPIKA CHIMODZI CHIMAPHA BWANJI

Tiwerengere limodzi. Munthu wa makilogalamu 65, njinga ya makilogalamu oposa 20, katundu wa makilogalamu 100. Zonse pamodzi zikuyandikira makilogalamu 190. Pa mtsetse njinga yotere imafika makilomita 25 pa ola mosavuta, kutanthauza mamita pafupifupi 7 pa sekondi iliyonse. Tochi ya pa foni kapena kanyale ka mabatire kamaunika pafupi chabe. Akaona chipika pa mamita 10, watsala ndi sekondi imodzi ndi theka, ndipo nthawi imeneyo imathera pongozindikira kuti pali chinthu ndi kufinya buleki. Mabuleki a njinga zambiri za kumudzi ndi timaraba tomwe timaterereka limu ikanyowa ndi mame. Ena timarabato tinatha kalekale, amaimitsa njinga poponda tayala ndi nsapato.

Tayala lakutsogolo likagunda, njinga imaima koma munthu ndi katundu saima. Munthu amaulukira kutsogolo chamutu, matumba n'kumutsatira pamsana. Chipewa choteteza mutu alibe. Waya ndiye woipitsitsa, chifukwa saoneka ngakhale masana, ndipo kwa munthu wokhala pa chishalo amafika pachifuwa kapena pakhosi.

Ngozi yotere ikachitika pakati pa minda, chipatala chili kutali, ambulansi singalowe, ndipo wodutsa woyamba mwina afika patapita maola. Wakabaza wothyoka mwendo kapena fupa la phewa amakhala miyezi osapalasa. Alibe inshuwalansi, banja lake limadya zomwe wapeza tsiku lomwelo. Woika chipikayo akhoza kudzapepesa pa bwalo, koma pepani sapoletsa chilonda.

Tisaiwalenso kuti pa keliyala sipakhala matumba okha. Pamakhala mayi woyembekezera wopita ku sikelo, mwana wa sukulu, wodwala wopita kuchipatala usiku. Pamakhalanso inu nomwe amayi, mutamanga ndalama za oda m'chiuno, mukuthamangira basi ya 5 koloko m'mawa.

MANTHA AMENEWA TIMAWADZIWA

Madalaivala oyenda njira ya ku Joni mukudziwa za zitsulo zosongoka zomwe zigawenga zimayala usiku pa N4 ndi N1 cha ku Pretoria, nthawi zina zitabisidwa m'pulasitiki kapena m'chovala kuti muone ngati zinyalala. Tayala likaphulika, mukaima, anthu akutulukira m'tchire. Nkhani zotere zikafika pa gulu lino tonse timakwiya, timachenjezana, timatchula malo ndi nthawi yake. Palibe amene amalemba kuti mwina anthuwo ali ndi chifukwa chawo, kapena kuti madalaivala nawonso amathamanga kwambiri.

Chingwe cha pa njira ya kumudzi ndi chitsulo chomwecho cha pa N4. Kusiyana kwake n'kwakuti inu muli ndi kabini, lamba, matayala ambiri ndi foni ya bwana. Wanjinga ali ndi khungu lake lokha. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mudzi womwe wazolowera kutchinga njinga ndi chipika sudzachedwa kutchinga lole ya matani 3 yobwera kudzatenga nandolo.

Musaganize kuti khalidweli ndi la umphawi kapena la kwathu kuno kokha. Ku Britain, komwe anthu amapalasa m'nkhalango pongosangalala, apolisi akhala akuchenjeza za mawaya omangidwa mopingasa tinjira ndi matabwa a misomali okwiriridwa m'dothi, oikidwa ndi anthu oipidwa kuti njinga zikudutsa pomwe iwo amayenda pansi. Mtima wake ndi umodzimodzi kulikonse. Munthu wasiya kuona mnzake, akungoona "anjinga", gulu lomwe waganiza kuti likufunika kuphunzitsidwa.

MADANDAULO ALIPO, NDIPO ENA NDI OONA

Sindikunena kuti anjinga ndi angelo. Alipo odutsa pakati pa munda wodzala kale. Alipo otsika mtsetse ngati mphepo pakati pa nyumba pomwe ana akusewera, opanda belu. Alipo onyamula mbuzi ndi chimanga chakuba usiku, ndi ozembetsa makala ochokera m'nkhalango zotetezedwa. Mlimi amene feteleza wake anagula movutikira akaona chimanga chapondedwa, mkwiyo wake ndi womveka. Funso ndi lakuti mkwiyowo autani.

Ngati vuto ndi munda, njira yake ilipo. Nkhani ipite kwa a nyakwawa, njira itsekedwe poyera ndi mpanda wooneka patali, anthu auzidwe pa msonkhano wa mudzi ndi ku tchalitchi kapena ku mzikiti, ndipo asonyezedwe podzera pena. Mpanda umabweza munthu. Dzenje lovundikira limamudikira kuti agweremo. Wofuna kuteteza munda amamanga mpanda, ndipo wokumba dzenje lobisika cholinga chake ndi china.

Ngati vuto ndi akuba, msampha suwerenga chitupa. Wakuba weniweni nthawi zambiri ndi wa pafupi, amadziwa pomwe pali dzenje ndipo amalilambalala. Wogweramo ndi mphunzitsi wofika kumene, mlangizi wa zaumoyo wonyamula katemera, kapena mlendo wobwera kudzagula mtedza wa mudzi womwewo. Za kuba n'za achitetezo cha m'mudzi ndi apolisi, za makala n'za a zankhalango. Ndipo munthu akafa pa waya wanu, ku khoti mlandu wake ndi wakupha munthu, ngakhale mundawo utakhaladi wanu.

Za anyamata olipiritsa, ndinene chilungamo: amene amanga kamlatho ka mitengo pomwe madzi anakokolola agwira ntchito, ndipo kuwapatsa kenakake si kulakwa. Koma pakhale chilolezo cha mfumu, mtengo wake udziwike, potchingapo pakhale munthu, ndipo akaweruka achotse chotchingacho. Chotchinga chopanda mwini usiku ndi msampha basi.

Ife tili ndi chitsanzo chabwino m'mwambo wathu womwe. Pamudzi pakagwa maliro, anthu amayala masamba pa msewu. Masambawo amaikidwa poyera, amaoneka patali, savulaza tayala kapena munthu, aliyense amadziwa tanthauzo lake, ndipo mwambo ukatha amachotsedwa. Galimoto imachepetsa liwiro, wanjinga amatsika n'kukankha, wovala chipewa amavula. Chimenecho ndiye chizindikiro. Mbuna ndi khwekhwe n'za nguluwe ndi agwape kutchire, sizinakhalepo za pa njira ya anthu.

"KOMA AMAZEMBETSA KATUNDU"

Ndikudziwa kuti ena muno anena zimenezi, kuti njinga za m'tinjira ta m'malire n'zozemba kasitomu, ndiye zikagwa ndi zofuna. Choyamba, njinga zambiri za m'tinjira timeneti zikuchokera kumunda kupita ku msika, kuchigayo kapena kuchipatala. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu malire a Malawi ndi Mozambique amatsata msewu wa M1 womwewo, ndipo banja limodzi limatha kukhala mbali ino, munda uli mbali inayo. Chachiwiri, wozembetsa katundu ali ndi omugwira ake, a MRA, a ZRA, a kasitomu a ku Mozambique ndi apolisi, ndipo chilango chake ndi kulandidwa katundu ndi chindapusa. Palibe lamulo la dziko lililonse lomwe linati chilango cha matumba awiri a chimanga ndi waya wa pakhosi.

Chachitatu ndi chowawa kwa ife amalonda. Mnyamata wopalasa usiku pa njira yozemba, katunduyo si wake. Alipo amene wamutuma. Mwini katundu ali pa resitihausi kudikira foni, wapulumutsa ndalama ya msonkho, ndipo khosi lomwe layikidwa pa chiswe ndi la mwana wa mnzake. Akuba amadziwa kuti wodutsa njira yozemba sakadandaula kupolisi, n'chifukwa chake zingwe zimachuluka kumeneko.

Kwa ochita malonda pakati pa Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, njira yoyera ilipo. Ndondomeko ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono, yomwe timaitcha STR, inayamba mu 2010. Katundu wosapitirira mtengo womwe unaikidwa amene ali pa mndandanda womwe mayiko awiriwo anagwirizana amadutsa wopanda dyute, ndi fomu yachidule, ngakhale misonkho ina monga VAT ikhoza kukhalapo. Pa boda ya Mchinji ndi Mwami, yomwe kuyambira Disembala 2022 munthu amaima pamodzi pokha, pali desiki yothandiza amalonda pa zimenezi. Mozambique sili mu COMESA, ndiye a pa Dedza, Mwanza ndi Muloza funsani ku ofesi musanaode. Kulipira pa windo n'kotsika mtengo kuposa kugula bokosi la wakabaza wanu.

Tikumbukirenso komwe zotchinga za aliyense-payekha zimathera. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, magulu a anthu anatchinga misewu ndi tinjira n'kumasecha aliyense wodutsa. Anthu angapo anaphedwa, ndipo amene anavutika kwambiri anali alendo ndi apaulendo, anthu ngati ife. Munthu woyenda m'mayiko a eni ayenera kukhala woyamba kudana ndi chizolowezi chakuti aliyense wokwiya akhoza kutseka njira.

PA PHULA TIMAWATHAMANGITSA, M'TCHIRE AKUWATCHERA

Tidzifunse chifukwa chomwe wanjinga amasiyira msewu wosalala n'kulowa m'tinjira ta mchenga ndi miyala. Nthawi zina n'chidule. Nthawi zambiri akuthawa ife. Misewu yathu yambiri ndi yopapatiza, m'mphepete munadyeka, pakati pa phula ndi dothi pali phompho loti tayala la njinga likatsikamo silibwerera. Kumbuyo kukubwera thiraki ya ngolo ziwiri, yotalika mamita 22, yolemera mpaka matani 56, hutala ali pakamwa. Pa makilomita 80 pa ola thirakiyo imayenda mamita 22 pa sekondi. Mphepo ya kutsogolo kwake imakankha wanjinga kunja, kenaka ya m'mbali imamukokera ku matayala a ngolo. Munthu wonyamula matumba awiri sangathe kulimbana ndi mphepo ziwirizo.

Lipoti la World Health Organization la 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, a njinga zakapalasa ndi a njinga zamoto. Poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, chigawo cha Africa ndicho chili pamwamba. Ngakhale akatswiri sapulumuka. Burry Stander wa ku South Africa, amene anathera pa nambala 5 pa mpikisano wa njinga za m'mapiri ku Olympics ya ku London mu 2012, anafa pa 3 Januwale 2013 atagundana ndi minibasi ku Shelly Beach, ku KwaZulu-Natal, ali pa njinga yake. Chaka chomwecho chigawo cha Western Cape chinakhazikitsa lamulo lakuti galimoto popitirira njinga isiye mpata wosachepera mita imodzi. Ku Britain malamulo a pamsewu a 2022 amati mita imodzi ndi theka pa liwiro la m'tauni, ndipo mpata uchuluke liwiro likakwera. Ngati galimoto yaing'ono ikufunika mpata wotere, nanga thiraki yodzadza?

Ndimamva madalaivala ena akunena kuti njinga silipira msonkho wa msewu, ndiye ichoke. Achimwene, msewu umaphwanyika ndi kulemera kwa ma akiselo athu, n'chifukwa chake pali masikelo ndi ma toll. Njinga singakumbe dzenje pa phula ngakhale itadutsa zaka 100. Ndipo wanjingayo amalipira msonkho pa sopo, shuga ndi matayala omwe amagula, monga wina aliyense. Mawu akuti "achoke" ndi omwewo ali mumtima mwa wokumba dzenje kumudzi. Wina amawanena ndi hutala, wina ndi khasu.

TICHITE CHIYANI

Madalaivala, yendani ndi mathirayango enieni ndi zotchingira matayala zanuzanu. Ku South Africa lamulo limati thirayango ikhale mamita osachepera 45 kuchokera pa galimoto, ndipo muyezo umenewu ndi wabwino kulikonse. Ngati mwakakamizika kugwiritsa ntchito miyala ndi nthambi, musanalize injini muuzeni wothandizira wanu, kapena tsikani nokha, muchotse chilichonse n'kuchiponya kutali ndi msewu. Mphindi 2 zokha. Tayala likaphulika tolani zidutswa zake. Popitirira njinga chepetsani liwiro, perekani mpata wa mita imodzi ndi theka, ndipo ngati kutsogolo kukubwera ina, dikirani kumbuyo kwake. Hutala imbani muli patali, kamodzi, kuti adziwe kuti mukubwera. Hutala wa pa khutu amadzidzimutsa munthu n'kumugwetsera pansi pa ngolo. Pokhota kumanzere pa Lizulu, pa Katete kapena pa msika uliwonse wa m'mbali mwa msewu, yang'anani galasi la kumanzere kawiri, chifukwa m'menemo ndi momwe njinga imabisala. Mukawoloka Kasumbalesa kulowa Congo, komwe amayenda kumanja, mbali yobisalayo imasintha.

Amalonda, wakabaza wanu mudziweni dzina ndi mudzi wake. Musamukweze matumba atatu pofuna kupulumutsa ulendo umodzi, chifukwa buleki yake singaimitse katundu wotere pa mtsetse. Musamutume usiku pa njira yomwe inu simungadutse nokha. Konzani kuti anyamule kukuwala, ndipo ngati n'kosatheka ayende awiri kapena atatu. Pa phindu la ulendo umodzi mukhoza kumugulira nyale, malifulekita, belu ndi timaraba ta buleki. Ngati pa njira pali olipiritsa ovomerezeka ndi mfumu, ndalamayo ichoke m'thumba mwanu, isachoke pa malipiro ake. Akavulala atanyamula katundu wanu, chipatala ndi nkhani yanunso.

Mukamagula mbewu m'mudzi, mawu anu amamveka. Mfumu iliyonse imafuna ogula abwere pafupi, chifukwa mtengo wa mlimi umakwera njira ikakhala yabwino. Kaoneni a mfumu mwaulemu, muwauze kuti pa njira yakutiyakuti pali dzenje lobisika kapena pamamangidwa chingwe, ndipo kuti anthu anu sangapitirize kudutsapo zikapanda kukonzedwa. Komiti ya msika ndi ya akabaza a pa siteji mupite nawo limodzi. Nkhani yobwera ndi ogula imatha msanga kuposa yobwera ndi mnyamata mmodzi wovulala.

Mukapeza chipika kapena chingwe masana pamalo poyera, chotsani, jambulani ndi foni, dziwitsani a mfumu kapena polisi yapafupi. Mukachipeza usiku pamalo pa zii, musaime n'kumachotsa muli nokha, chifukwa ochimanga akhoza kukhala pafupi. Bwererani pomwe pali nyumba, mukabwere ndi anthu. Ndipo chenjezani anzanu muno monga timachitira ndi za N4: tchulani dera, njira ndi nthawi. Musatchule dzina la munthu amene mukungomuganizira, poti chimenechonso ndi chiyambi cha kuphana popanda mlandu.

Kwa anzathu a njinga omwe muli muno, kapena omwe tikawauze: lemekezani munda wa mwini, tsikani pa maliro, chepetsani liwiro pakati pa nyumba, konzani mabuleki, ikani nyale kutsogolo ndi chonyezimira kumbuyo, ndipo pa phula yendani m'mbali mwanu motsogozana, osati mofolerana. Ulemu wanu ndi umene umatipatsa mphamvu yokuyankhulirani kwa a mfumu.

Nyengo yogula mbewu ikafika, tonse tidzaimika masikelo athu m'mphepete mwa msewu n'kumayang'ana ku kanjira kotulukira m'minda, kudikira njinga yoyamba. Kuti thumba lifike pa sikelo, wolinyamulayo ayenera kufika wamoyo. Tiyeni njira imeneyo tiisamale monga timasamalira msewu waukulu, kuyambira ndi miyala yomwe timaisiya tokha kumbuyo kwa matayala athu. Muyende bwino nonse, kulikonse komwe muli pa msewu lero.